Za maukwati a amuna okhaokha zija, lamulo likuti chani kwenikweni?

Malume_Thekerani

Abale anga a kuno ku Thyolo ndi Mulanje ndithandizeni inu amene mumatsata za malamulo chifukwa ine zandisokoneza mutu. Nkhani ya maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ija yabukanso pa gulupu yathu ya WhatsApp ya kumudzi, wina waponya voisi yoti boma linasainirana kale ndi azungu mwakabisira kuti maukwatiwa aloledwe posinthana ndi ndalama za chithandizo, wina akuti ayi khoti linakana kalekale, winanso akuti ndi aphungu akufuna akazikambirane ku Lilongwe. Nde choona ndi chiti apa? Alipo munthu amene anapitadi kukhoti kukapempha kuti amuna awiri azimangitsa ukwati, kapena mlandu uja unali wa zina?

Sindikufunsa mocheza ayi. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wamkulu ndithu woti anamaliza fomu 4, anthu ayamba kumuloza zala kuti amapanga zimenezo, ndipo ine monga malume ake nkhani zonse za mbumba zimagwera pakhomo panga. Mayi ake nsima sikulowa, agogo ake akuti tipite naye kwa asing'anga mwina anachita kumulodza, akumpingo akuti abwere kumapemphero a usiku, pomwe anyamata ena a kabaza pa siteji amuuza maso ndi maso kuti akapanda kuwapatsa kangachepe akamusiya kupolisi. Ine ukwati wa mwamuna ndi mwamuna mnzake sindikuumvetsa ndipo sindinganame pano kuti ndingakakhale nkhoswe pa zoterozo, koma mwanayu ndinamunyamula ndi manja angawa ali wakhanda, nde ndikamva zoti kundende zaka 14 mtima wanga sukukhala m'malo. Lamulo likuti chani kwenikweni, nanga andale athuwa aima pati?

Aphunzitsi_Luchenza

Malume pepani ndi zomwe zakugweranizo. Voisi ija ndi bodza lamkunkhuniza, lamulo silisainidwa kuchipinda, limayenera lidutse ku palamenti aphungu avote, pulezidenti asaine, kenako lituluke mu gazeti ya boma aliyense aone.

Apa pali nkhani ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza, ena mosadziwa ena mwadala. Yoyamba ndi ya ukwati. Lamulo la maukwati la 2015, lomwe lija linakweza zaka zolowera m'banja kufika pa 18, linanena poyera kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo limayang'ana mmene munthu anabadwira osati mmene akudzionera iye mwini. Palibe bilu inalowapo mu palamenti yathu yofuna kusintha pamenepo. Yachiwiri ndi ya ndende, iyi ili mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake. Gawo 153, la kugonana komwe lamulo limati nkosemphana ndi chilengedwe, ndi lomwe lili ndi zaka 14 zija, gawo 154 ndi la kuyesera chabe zaka 7, gawo 156 ndi la zonyansa pakati pa amuna zaka 5, ndiye pali 137A la akazi okhaokha zaka 5 lomwe aphungu anawonjezera kumapeto kwa 2010 a Bingu nkusaina kumayambiriro kwa 2011.

Mlandu womwe unagwedeza dziko mu 2023 unali wa nkhani yachiwiriyi. Anapita kukhoti anali Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani amene khoti la ku Mangochi linamugamula zaka 8 mu December 2021, ndipo pempho lawo linali loti magawo a Penal Code amenewa akusemphana ndi malamulo aakulu a dziko pa nkhani ya ufulu wa chinsinsi cha munthu, ulemu wake komanso kusasalidwa. Sanapemphe setifiketi ya ukwati ayi. Pa 28 June 2024 majaji atatu, a Joseph Chigona, a Chimbizgani Kacheche ndi a Vikochi Chima, anakana pempholo nkunena kuti wofuna kusintha malamulowa apite ku palamenti. Nde mmene zililimu ukwati ndi woletsedwa, ndende iliponso.

Koma chimodzi chikulimbitseni mtima, lamulo limalanga mchitidwe womwe pali umboni wake, silimanga munthu chifukwa cha mayendedwe ake kapena miseche ya pa siteji. Ndipo a kabaza aja ndi amene akupalamula pakali pano, kuopseza munthu kuti ukamuneneza mlandu akapanda kukupatsa ndalama ndi mlandu pawokha.

Mayi_wa_ku_Chisitu

Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ndiloleni ndiyankhepo chifukwa mawu anu akumveka ngati ife amene tinayenda mumsewu kukana maukwatiwa tinayenda mosadziwa chomwe tikukana. Ine ndinalipo ku Blantyre mu July 2023, tinanyamuka m'mamawa pa minibasi ndi amayi anzanga a kutchalitchi titavala zitenje zathu, kutsogolo kunali Ambuye Thomas Luke Msusa, kunali abusa a mipingo ina, kunali mashehe, ndipo sindichita nazo manyazi. Tinkadziwa kuti mlandu ndi wa Penal Code. Koma taonani mmene zinayendera kwa ena. Ku South Africa khoti linachotsa lamulo lomanga anthuwa mu 1998, pofika 2006 maukwati analoledwa, zaka 8 zokha. Ku England anasiya kumanga mu 1967, mu 2014 maukwati anayamba. Nde mukandiuza kuti nkhani ziwirizi nzosiyana ine ndikuona kuti ina imatsegulira inzake khomo, ndipo amene akulipira maloya amadziwa bwino komwe akulowera.

Komanso kuno kwathu ukwati si wa anthu awiri okha. Pamakhala ankhoswe mbali zonse, mwamuna amabwera kuchikamwini kudzamanga nyumba kwa mkazi, munda ndi wa mbumba umayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo inu nonse mukudziwa mmene malo alili ochepa kuno poti maesiteti a tiyi anatenga kale malo abwino. Amuna awiri akakwatirana mkamwini ndi uti, munda alima wa ndani, ana obwera kudzalowa m'malo achokera kuti? Izi si nkhani za Baibulo zokha ngakhale kuti Baibulo langa ndimalikhulupirira, ngakhale Papa Francis atalola mu December 2023 kuti ansembe azidalitsa anthu oterewa maepiskopi athu a kuno anakana poyera kuti ku Malawi sizichitika, ndipo ine ndinagwirizana nawo.

Chimandiwawa china ndi kukakamizidwa. Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga atagamulidwa zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe chija ku Chirimba, sipanathe masabata awiri a Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, anatera ku Lilongwe, tsiku lomwelo a Bingu nkuwakhululukira. Ku Uganda atakhwimitsa lamulo mu 2023 World Bank inaimitsa ngongole zatsopano. Ife osauka tilibe ufulu woganiza tokha?

Koma malume, pa za mwanayo mundimve bwino. Musamuthamangitse ndipo musalole munthu amugwire. Chibale ndi fupa sichiola. Ine ndingamupempherere mpaka tsiku lomwalira ine koma sindingamupereke kwa apolisi, ndende ya Chichiri sinasinthepo mtima wa munthu pa nkhani ngati iyi.

Wageni_Muloza

Mayi ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma mwatchula South Africa ndi England mwasiya dziko lomwe lili pamphuno pathu pompa. Ine geni yanga ndi ya chimanga ndi nandolo, Milange ndimalowa ngati kumunda, nditha kudya kadzutsa ku Limbuli nkhomaliro nkukadyera tsidya linalo. Mozambique inachotsa lamulo lomanga anthuwa mu 2015 pomwe anasintha malamulo akale a Apwitikizi, mpaka lero maukwati a amuna okhaokha kulibe, anthu akukwatirana mwachikamwini ngati kuno, ndi Alomwe anzathu omwewa, maliro timayendera limodzi, matchalitchi ndi mizikiti ikudzadza ngati kale. Botswana khoti linachotsa mu 2019, nakonso maukwati kulibe. Mu Africa muno ndi South Africa yokha yomwe imamangitsa maukwatiwa, ndipo kumeneko zinatheka chifukwa malamulo awo aakulu a 1996 analemberatu kuti munthu asasalidwe pa nkhani imeneyi, zomwe athu a kuno sanatchule. Nde zoti ukachotsa ndende mawa lake kuli chinkhoswe si zoona kwa aliyense.

Zoti ndi za azungu nazo tiziyankhula mosamala. Lamulo la zaka 14 lija ndi lomwe linabwera ndi azungu, Penal Code yathu ndi ya nthawi ya Nyasaland cha m'ma 1930, analemba ndi atsamunda omwe aja ankagwiritsa makolo athu thangata m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje. Ndipo funsani madala amene anapita ku Joni pa Wenela kapena Teba akuuzeni zomwe zinkachitika m'makomponi a migodi momwe munalibe akazi, agogo anga aamuna ankazinena monong'ona akamwa kachasu, nthawi imeneyo kunalibe ma NGO kunalibe Facebook. Tiwonge mwamutchulayo kwawo nkonkuno ku Thyolo, sanachokere ku London, ndipo atatuluka kundende anakathera ku South Africa ngati wothawa kwawo chifukwa kuno sakanakhalanso.

Ine chomwe chimandipsetsa mtima ndi nthawi yomwe nkhaniyi imatulukira. March 2023 Freddy anatikokolola, mapiri anagumuka kuno ku Mulanje ndi Phalombe, midzi inakwiririka ndi miyala, ku Muloza kuno milatho inaduka anthu anakhala m'makampu miyezi, patangotha miyezi inayi dziko lonse lili mumsewu kukana ukwati womwe palibe anaupempha. November chaka chomwecho kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, thumba la feteleza linakwera moti ambiri tinalima opanda, munaona mashehe ndi maepiskopi atagwirana manja mumsewu chifukwa cha zimenezo? Sindikunyoza mapemphero a munthu ayi koma andale amasangalala tikamalimbana ndi izi chifukwa palibe amawafunsa za malipiro a amayi othyola tiyi.

Mayi_wa_ku_Chisitu

Achimwene a ku Muloza apo mwalakwitsa pang'ono. Nthawi ya Freddy amene anatsegula matchalitchi ndi masukulu a mishoni kuti anthu agonemo ndi ife omwe, tinaphika phala m'makampu, ndipo makalata a maepiskopi a nthawi ya Lenti akhala akudzudzula boma pa katangale ndi kukwera mitengo kwa zinthu chiyambire kalata ija ya 1992 yomwe inagwedeza a Kamuzu. Munthu atha kulira njala nkukananso chomwe akuona kuti ndi tchimo, sizitsutsana. Za Mozambique ndamva, mfundo imeneyo ndiyiganizira, koma zaka khumi ndi zochepa pa moyo wa dziko.

HSA_wa_kumudzi

Ine ndilowe ndi mbali ya zaumoyo poti ndi ntchito yanga, ndimayenda m'midzi ndi njinga kutsata anthu amene asiya kumwa ma ARV. Maboma athu awiriwa ali m'gulu la maboma omwe HIV inakantha kwambiri m'dziko muno, achikulire mukukumbuka mmene maliro ankachitikira m'malaini a esiteti ma ARV asanabwere, a MSF, bungwe la madotolo ochokera kunja, anakhala ku Thyolo zaka zambiri chifukwa cha chomwecho. Nde tamverani chomwe lamulo la ndendeli limapanga pansi pano. Mnyamata amene amagona ndi amuna anzake akadwala matenda opatsirana kumalo obisika sabwera kuchipatala, amaopa kuti akamufunsa wazitenga bwanji nkhani ifika kwa amfumu kapena kupolisi, nde amakagula makapisozi pa okala nkumamwa mwachisawawa mpaka zinthu zitafika poipa. Ndinamuonapo wina atabwera mochedwa akulephera ndi kukhala pampando komwe, ataima chogwira khoma, ndipo chomwe ankandipempha si mankhwala koma kuti ndisalembe chilichonse m'buku lake la kuchipatala chifukwa mkazi wake amaliwerenga.

Eya mkazi wake. Apa ndi pomwe ndikufuna malume mumvetsetse, chifukwa ndikudziwa kuti pa msonkhano wa banja wina adzanena kuti mupezereni mkazi akwatire zitha. Sizitha. Ambiri amakwatira kuti anthu asiye kuwanena, amabereka ana, koma moyo winawo umapitirira mobisa, ndipo amene amavutika ndi mwana wamkazi wa eni ake amene sanauzidwe kanthu, matenda akabwera amalowa m'nyumba monse. Boma lomweli m'mapulani ake olimbana ndi Edzi limawatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kulifikira ndi makondomu ndi kuyezetsa, unduna wa zaumoyo ukuti bwerani, Penal Code ikuti mukabwera zaka 14, ife apakatife timasowa chonena.

Pa za ukwati ine ndilibe mbali yolimba, ndine wa mpingo nanenso ndipo sindikuona mudzi wa kwathu utakonzeka. Koma pa za ndende ndili ndi mbali, ichoke. Malume mwanayo mulimbikitseni akayezetse ngati mmene mungauzire mnyamata wina aliyense, osati momuopseza. Za sing'anga zija musataye ndalama, adzamutema mphini thupi lonse nkumumwetsa zowawa abwerako ali yemweyo koma atakuopani. Ndipo muzimuyang'anira, achinyamata amene mudzi wonse ukuwanena chonchi ena amafika poganiza zodzipha, akayamba kudzipatula kapena kugawa katundu wake musazitenge mopepuka.

Aphunzitsi_Luchenza

Ndibwerenso pa funso lachiwiri la malume loti andale aima pati, poti sindinaliyankhe. Mbiri yake ndi yokhotakhota. A Bingu anakhululukira awiri aja mu May 2010 koma ananenetsa kuti zomwe anachitazo nzosemphana ndi chikhalidwe ndi chipembedzo chathu, patangopita miyezi yochepa nkusaina lamulo lowonjezera akazi. Mayi Joyce Banda atangolowa mu 2012 anauza palamenti kuti malamulowa achotsedwe, kenako anabwerera m'mbuyo nkunena kuti Amalawi sanakonzeke, chomwe chinatsala ndi mawu a nduna ya zamalamulo a Ralph Kasambara oti apolisi ayambe aleka kumanga. Nthawi ya a Peter Mutharika mu December 2015 amuna awiri atagwidwa ku Area 25 ku Lilongwe, nduna a Samuel Tembenu anabwereza zomwezo kuti kumanga kwaimitsidwa, koma mu 2016 abusa ena anapita ku High Court ya ku Mzuzu ndipo khoti linati nduna singaimitse lamulo ndi pakamwa. Ndiye mukuona, aliyense amayankhula ziwiri, kwa akazembe a mayiko otithandiza amati sitikumanga, pa msonkhano wa kampeni pa Chitakale kapena pa Goliati amati bola ndife sizidzachitika.

Akapanikizidwa amathawira ku mawu oti referendamu, anthu asankhe okha. Zimamveka bwino koma aliyense akudziwa zotsatira zake, kafukufuku wa Afrobarometer wakhala akuonetsa kuti Amalawi ochuluka zedi safuna ngakhale kuyandikana nyumba ndi munthu wotere, ndiye mbali ya Mayi a ku Chisitu ingapambane kutalitali. Funso lomwe amabungwe omenyera ufulu wa anthu ngati CEDEP ndi CHRR amafunsa ndi loti kodi ufulu wa anthu ochepa umavoteredwa ndi ochuluka? Ena amayankha kuti demokalase ndi imeneyo. Majaji anaponyera mpira aphungu, ndipo phungu amene angaimirire kuyambitsa nkhaniyi akudziwa kuti kwawo sakawinanso, nde musayembekezere kusintha kulikonse posachedwa, kaya kokhwimitsa kaya kofewetsa.

Ine maganizo anga, mayi ali ndi mfundo kuti dziko lili ndi ufulu wonena kuti ukwati ndi chani, ndipo palibe m'busa kapena shehe angakakamizidwe kudalitsa chomwe sakhulupirira, ngakhale ku South Africa mipingo siikakamizidwa. Koma kutsekera akuluakulu awiri ogwirizana zaka 14 ndi chinthu china, chigololo nachonso Baibulo limaletsa koma sitimanga nacho anthu, bwenzi ndende ya Bvumbwe ndi ya Mulanje zitaphulika. Wogwiririra mwana kapena wokakamiza mnzake ameneyo amangidwe, kaya ndi mwamuna kaya mkazi, malamulo ake alipo kale.

Malume zikafika kupolisi pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ya boma ndipo ntchito yake ndi kuthandiza amene sangakwanitse loya, kapena kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission. Mwanayo asasaine pepala lomwe sanaliwerenge ndipo mauthenga oopseza aja ngati ena anabwera pafoni asafufute.

Malume_Thekerani

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Voisi ija ndayankha pa gulupu kuti ndi yabodza ndipo ndaikapo deti la chigamulo lija, ena akwiya akuti ndagulidwa koma zilibe kanthu. Mayi a ku Chisitu pa ukwati ndili nanu, pa ndende ndili ndi a HSA, kaya zimenezi zikugwirizana kaya ayi koma ndi pomwe ndaima.

Chomwe ndazindikira nchoti tonse kunyumba takhala tikukambirana za mnyamatayu koma palibe amene wakhala naye pansi kumufunsa mwini wake, nde Loweruka ndimutenga tipite limodzi ku Luchenza kukagula malata a khitchini ya mayi ake, tikayankhulane m'njira awiriwiri kopanda agogo ake. Za kumupezera mkazi zinanenedwadi kale ndi achimwene anga aakulu, ndikana. Ndalama kwa a kabaza aja sitipereka ngakhale 1 kwacha, ndikaonana ndi tcheyamani wa siteji yawo poti timadziwana.

Funso lina aphunzitsi, amfumu akatiitanitsa kubwalo pa nkhaniyi ali ndi mphamvu yomulipiritsa mbuzi kapena kumusamutsa m'mudzi? Chifukwa mphekesera zayamba kumveka kuti nduna za amfumu zikufuna zitero, ndipo malo omwe akukhalawo ndi a mayi ake, anasiyiridwa ndi agogo athu.